Zotupa za m'chiberekero: lupu, mapiritsi ndi jakisoni wa mahomoni amasiyana pati?

"Adokotala, ndiye palibe mankhwala oti zisungunuke?" Ili ndi funso limene amayi ambiri amafunsa akangounikidwa n'kuuzidwa kuti m'chiberekero muli zotupa, zija achipatala amazitcha ma fibroid. Funsoli n'lomveka. Munthu akamva za opaleshoni mtima umagunda, ndipo akamva kuti kuli mapiritsi ndi jakisoni amaona ngati njira yachidule yapezeka. Mankhwala alipodi, ena amphamvu kwambiri, koma ndinene poyambirira pomwe kuti pa mankhwala onse a mahomoni palibe amene amachotseratu chotupa. Ena amachepetsa magazi a msambo chotupacho chili momwemo. Ena amachiphwetsa ndithu, koma mukawasiya chimabwerera mwakale. Choncho powayerekeza tiziona kuti aliwonse amagwira ntchito yanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo akatha mudzatani.

Zotupazi zimachokera ku minofu ya chiberekero chenichenicho ndipo si khansa. Zimakula chifukwa cha mahomoni awiri opangidwa m'mabasiketi a mazira, esitirojeni ndi projesiteroni. N'chifukwa chake mtsikana wosatha msinkhu sakhala nazo, ndipo mayi akasiya kusamba zimaphwa zokha. Kafukufuku wa ku America wa mu 2003 anapeza kuti pofika zaka 50, amayi akuda opitirira 80 pa 100 aliwonse amakhala atakhalapo ndi zotupazi, pamene azungu amayandikira 70 pa 100. Mwa amayi akuda zimayambanso msanga ndipo zimakonda kukula kwambiri. Koma ambiri mwa amayi amenewa sadziwa n'komwe kuti ali nazo, ndipo chotupa chosavutitsa sichifuna mankhwala aliwonse.

Chikavutitsa, chimavutitsa m'njira ziwiri, ndipo apa ndi pamene pagona kusankha konse. Njira yoyamba ndi magazi: kusamba masiku ambiri, magazi ochuluka a mibulumibulu, mpaka mayi kumachita chizungulire ndi befu chifukwa magazi achepa m'thupi. Njira yachiwiri ndi kukula kwake: mimba kutupa ngati ya pakati, kukodza pafupipafupi chifukwa chikhodzodzo chapanikizika, kudzimbidwa, kulemedwa m'chinena. Kachotupa kakang'ono kamene kalowerera m'kati mwenimweni mwa chiberekero kakhoza kutayitsa magazi koposa chotupa chachikulu chimene chakulira kunja. Mankhwala nawonso ali m'magulu awiri. Gulu lina limagwira pa kakhungu ka m'kati mwa chiberekero, kaja kamayoyoka mwezi uliwonse, n'kukapepukitsa kuti magazi achepe. Gulu lina limapita kumutu kwenikweni n'kugonetsa mabasiketi a mazira kuti chotupa chisowe chokulira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Projesiteroni ndiye amapepukitsa kakhungu kaja, komanso projesiteroni yemweyo ndi mmodzi mwa mahomoni okuza chotupa. N'chifukwa chake mankhwala okhala ndi mahomoni ofanana naye amathandiza pa magazi koma sangadaliridwe pophwetsa chotupa. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zili m'munsimu zimveka zokha.

Lupu ya mahomoni

Ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa malupu alipo a mitundu iwiri ndipo anthu amangowatchula dzina limodzi. Lupu ya kopa ilibe mahomoni ndipo imakonda kuwonjezera magazi a msambo. Kwa mayi amene akutaya kale magazi ambiri, imeneyo imangowonjezera vuto. Imene tikunena pano ndi lupu yokhala ndi levonorgestrel wokwana mamiligalamu 52, yodziwika kwambiri ndi dzina la Mirena. Imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono, pafupifupi mamaikulogalamu 20 pa tsiku poyamba, m'chiberekero momwemo. Ofika m'thupi lonse ndi ochepa poyerekeza ndi a mapiritsi.

Pa njira zonse zochepetsa magazi, ine ndimaiona iyi kuti ndiyo yopindulitsa kwambiri kwa amene ikuwayenera. Amaika kamodzi, simukumbukira kumwa kanthu, imagwira ntchito yochepetsa magazi kwa zaka 5, ndipo pa kulera inavomerezedwa mpaka zaka 8. Amayi ambiri msambo umasanduka timadontho chabe, ena umasiyiratu. Tsiku limene mwafuna mwana amaichotsa ndipo kubereka kumabwerera msanga. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, m'malangizo ake a mu 2018, linaiika patsogolo kwa amayi otaya magazi ambiri amene zotupa zawo sizinafike masentimita 3 ndiponso sizinapotoze m'kati mwa chiberekero.

Mfundo ziwiri zomalizazo ndizo malire ake. Lupu imafuna malo owongoka oti ikhazikike. Chotupa chikalowerera m'kati n'kupinda malowo, kuika kumavuta, ndipo malangizo a WHO salola kuika lupu m'chiberekero chotero. Ngakhale kwa amene yakhazikika bwino, imakonda kutuluka yokha mwa amayi a zotupa kusiyana ndi amene alibe, makamaka pa masiku a magazi ambiri, nthawi zina mwini wake osazindikira. Msambo ukabwerera mwamphamvu mwadzidzidzi patapita miyezi uli wochepa, pitani akaone ngati idakali m'malo.

Chimene chimagwetsa ulesi amayi ambiri ndi miyezi yoyambirira. Kwa miyezi 3 mpaka 6 pamakhala kudontha kosadziwika tsiku, ndipo ena amakaichotsetsa itatsala pang'ono kuyamba kuonetsa phindu. Malangizo a NICE aja amati mudikire misambo 6 musanaweruze. Ndikudziwa kuti kudikira miyezi 6 uli wotopa kale ndi magazi si nkhani yophweka, koma ndi bwino kuti mudziwiretu zimenezi musanaikitse, osati kudzadabwa pakati. Ndipo chotupa chikhalabe momwe chinalili. Ngati vuto lanu ndi mimba yotupa ndi kukodza usiku wonse, lupu sikuthandizani.

Mapiritsi olera, Depo ndi norethisterone

Mapiritsi olera a mahomoni awiri amachepetsa magazi ndi ululu wa msambo, ndipo amaupangitsa kubwera pa nthawi yake. Mphamvu yawo pa magazi siifika pa ya lupu, koma ali ndi ubwino wakuti sasamala mmene m'kati mwa chiberekero mwapindikira, ndipo mukhoza kuwasiya tsiku lililonse. Kale ankaopedwa kuti akuza zotupa. A masiku ano ali ndi mahomoni ochepa ndipo kukhala ndi zotupa si chifukwa chowakanira. Chowakanira chili pena. Esitirojeni amawonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi m'mitsempha, choncho mapiritsiwa si a mayi wosuta fodya amene wafika zaka 35, wa BP yokwera, wodwala mutu waching'alang'ala uja umayamba ndi kuona zothwanima, amene magazi anaundanapo m'mwendo kapena m'mapapo, kapena amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Zotupa zimavutitsa kwambiri mayi akadutsa zaka 40, pamenenso BP imayamba kukwera, ndiye amayi ambiri ofuna thandizo amapezeka kuti ali kale m'gulu loletsedwali.

Jakisoni wa Depo-Provera, wa mamiligalamu 150 pa miyezi 3 iliyonse, alibe esitirojeni. Pakatha chaka, pafupifupi theka la amayi obayitsa amakhala atasiya kusamba, ndipo kwa munthu amene magazi ankamuthera zimenezi n'zopumitsa. Zovuta zake ndi kudontha kosalongosoka poyamba, kunenepa kwa ena, mafupa kupepukako pang'ono nthawi imene mukubayitsa, komanso kuchedwa kutenga pakati: pa avareji pamapita miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena kupitirira chaka. Mayi wa zaka 37 amene akufuna mwana chaka chamawa aganize kawiri asanabayitse.

Norethisterone ndi piritsi lakale koma likadali ndi ntchito yake. Limathandiza kuimitsa magazi amene akana kusiya, ndipo ena amalimwa mamiligalamu 5 katatu pa tsiku kuyambira tsiku la 5 mpaka la 26 la mwezi wawo. Kumwa kwa masiku 10 okha kumapeto kwa mwezi, monga ankachitira kale, sikuchepetsa magazi mokwanira. Ndi mankhwala a kanthawi, ndipo pa mamwedwe amenewa samawerengedwa ngati njira yolera. Za kachipangizo ka pamkono monga Implanon ndi Jadelle sindinena zambiri: ndi njira yabwino yolera, koma msambo wake sudziwika, ndipo sindingaisankhe ngati cholinga ndi kuletsa magazi a zotupa.

Jakisoni wogonetsa mabasiketi a mazira

Tsopano tafika pa mankhwala amene amaphwetsadi chotupa. Awa ndi goserelin, wodziwika kuti Zoladex, amene amabayidwa pansi pa khungu la pamimba, mamiligalamu 3.6 pa masiku 28 aliwonse. Leuprolide, wodziwika kuti Lupron, wa mamiligalamu 3.75 pa mwezi kapena 11.25 pa miyezi 3, ndi triptorelin. Onse amatsanzira homoni ya mu ubongo yotchedwa GnRH.

Mmene amagwirira ntchito ndi nkhani yochititsa chidwi. Ubongo umatulutsa GnRH mwa apo ndi apo, pafupifupi kamodzi pa ola kapena pa ola ndi theka, ndipo kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kakamva, kamatumiza uthenga ku mabasiketi a mazira kuti apange esitirojeni. Gulu la Andrew Schally ndi limene linazindikira kapangidwe ka homoniyi mu 1971, ndipo iye ndi Roger Guillemin analandira mphoto ya Nobel mu 1977. Chaka chotsatira, gulu la Ernst Knobil linaonetsa pa anyani kuti homoniyi ikamaperekedwa mosalekeza, pituitary imasiya kuyankha. Zili ngati munthu wogogoda pakhomo: akagogoda n'kudikira, mumatsegula; akamangogogoda usana ndi usiku osapuma, makutu amazolowera ndipo simudzukanso. Jakisoniyu ndi wogogoda wosapumayo.

N'chifukwa chake sabata yoyamba kapena ziwiri zinthu zimayamba zaipiraipira. Esitirojeni amakwera kaye, magazi akhoza kubwera, ululu ukhoza kuwonjezeka. Kenako zonse zimazima. Pofika mwezi wachiwiri amayi ambiri amakhala atasiya kusamba, ndipo pofika miyezi 3 chotupa chimakhala chitaphwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina mpaka theka. Pa mankhwala onse amene tikuyerekeza, awa ndi amene aonetsa kwa zaka zambiri kuti amaphwetsa chotupa.

Koma thupi limalipira. Mayi amalowa mwadzidzidzi mu zimene amaona anthu osiya kusamba: kutentha kobwera ngati moto kumaso ndi pachifuwa, thukuta la usiku, kusowa tulo, kuuma kumaliseche, chilakolako kuchepa, mtima kukwiya kapena kukhumudwa popanda chifukwa. Choopsa kwambiri sichimveka n'komwe, chomwe ndi kupepuka kwa mafupa. Ichi ndicho chifukwa chake jakisoniyu payekha sapitirira miyezi 6, ndipo ku America leuprolide anavomerezedwa pa zotupazi kwa miyezi 3, pamodzi ndi mankhwala a ayironi, pokonzekera opaleshoni. Madokotala akafuna kupitiriza, amabwezerako mahomoni ochepa, monga tibolone kapena esitirojeni wochepa pamodzi ndi norethisterone, okwana kuteteza mafupa ndi kuziziritsa kutentha kuja koma osakwana kudzutsa chotupa. Mukasiya jakisoni, msambo umabwerera pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mphamvu yake itatha, ndipo chotupa chimabwerera pa msinkhu wake wakale m'miyezi 3 mpaka 6.

Ndiye phindu lake lili pati? Lili pa kukonzekera. Taganizirani mayi amene magazi ake atsika kwambiri, kufika pa 7 pa muyeso wa kuchipatala, ndipo akufunika opaleshoni. Kumupanga ali choncho n'kuika moyo wake pachiswe. Miyezi 3 ya jakisoni pamodzi ndi ayironi imaimitsa kutaya, magazi amakwera, chiberekero chimachepa, ndipo mwina dokotala acheka pang'ono mopingasa m'munsi m'malo mong'amba motsetsereka kuchokera pamchombo, mwinanso sipafunika kuthiridwa magazi. Pamenepo jakisoniyu ndi wamtengo wapatali. Pali kadandaulo kamodzi ka madokotala ochotsa zotupa n'kusiya chiberekero: tizotupa ting'onoting'ono tikaphwa timabisala, osaoneka pa opaleshoni, n'kudzameranso pambuyo. Choncho si dokotala aliyense amene amafuna jakisoniyu asanachite opaleshoni yotere, ndipo ndi bwino kuti amene adzakupangeni opaleshoniyo ndiye agamule.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kumva za mayi amene anabayidwa miyezi 6, anapirira kutentha ndi kusowa tulo, anasangalala mimba itaphwa, kenako chaka chisanathe zonse zinabwerera chifukwa panalibe chokonzedwa chotsatira. Ngati mwauzidwa za jakisoniyu, funsani mwaulemu koma molimba: "Adokotala, ukatha jakisoniyu tidzapanga chiyani, ndipo liti?" Dziwaninso kuti ngakhale msambo wasiya, jakisoniyu sawerengedwa ngati njira yolera, ndipo amalangiza kugwiritsa ntchito makondomu.

Mapiritsi atsopano: relugolix, elagolix ndi linzagolix

Awa amafika pa pituitary pomwepo koma mosiyana. M'malo mogogoda mpaka khutu ligonthe, amangotseka khomo. Motero palibe kuipiraipira kwa masabata oyamba kuja, esitirojeni amatsika m'masiku ochepa, ndipo mukasiya kumwa mphamvu yawo imatha msanga. Nzeru ina ndi yakuti mahomoni obwezera aja anawaphatikiza m'piritsi lomwelo.

Oyamba kuvomerezedwa ku America pa zotupazi anali elagolix, pa dzina la Oriahnn, mu May 2020. Amamwedwa kawiri pa tsiku. Mu May 2021 kunabwera relugolix, amene ku America amatchedwa Myfembree ndipo ku Ulaya Ryeqo: piritsi limodzi pa tsiku lokhala ndi relugolix mamiligalamu 40, estradiol miligalamu 1 ndi norethisterone acetate theka la miligalamu. Linzagolix, kapena Yselty, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2022, ndipo iye mahomoni obwezera amaperekedwa padera.

Zotsatira zake pa magazi n'zolimbikitsa. Pa kafukufuku wotchedwa LIBERTY 1 ndi LIBERTY 2, amene anasindikizidwa mu 2021, ofufuza ankawerenga kuti mayi wathandizika ngati magazi a msambo atsika kusafika mamililita 80 ndiponso achepa ndi theka kapena kuposa. Amayi 73 pa 100 aliwonse m'kafukufuku woyamba ndi 71 pa 100 m'wachiwiri anafika pamenepo, poyerekeza ndi 19 ndi 15 mwa amene ankamwa piritsi lopanda mankhwala. Pafupifupi theka anasiyiratu kusamba, ululu unachepa, magazi m'thupi anakwera, ndipo mafupa sanasinthe kwenikweni pa masabata 24 a kafukufukuyo. Ziwerengero za elagolix zinali zoyandikana ndi zimenezi.

Koma apa pali pamene otsatsa malonda sakonda kuchedwapo. Chifukwa cha mahomoni obwezera aja, chotupa chenichenicho sichiphwa kwambiri. M'kafukufuku yemweyo chiberekero chonse chinachepako pang'ono, koma kukula kwa chotupa sikunasiyane mooneka ndi kwa amene sankamwa mankhwala. Choncho mapiritsiwa ndi amphamvu pa magazi ndi ululu, osati pa mimba yotupa. Linzagolix wa mamiligalamu 200 womwedwa popanda mahomoni obwezera amaphwetsa, koma pamenepo tabwerera ku vuto la mafupa ndipo malire ndi miyezi 6.

Nthawi yomwa nayo ili ndi malire. Ku America, Oriahnn ndi Myfembree sapitirira miyezi 24 chifukwa mafupa akhoza kupepuka osadzabwereranso mwakale. Ku Ulaya sanaike malire otere pa Ryeqo, koma amafuna kuti mafupa ayezedwe pakatha chaka. Popeza muli esitirojeni, oletsedwa mapiritsi olera aja ambiri ndi oletsedwanso pano: amene magazi anaundanapo, osuta opitirira zaka 35, a BP yosatsika, amene anadwalapo khansa ya m'mawere, a matenda a chiwindi, ndi amene mafupa awo ndi ofooka kale. Ena tsitsi limathothoka. Mayi wa chotupa cholendewera m'kati mwa chiberekero adziwe kuti chikhoza kuthothoka n'kutsikira kukhomo la chiberekero, ndi magazi ambiri. Pa nkhani ya kulera maiko sagwirizana: malangizo a ku Ulaya amati Ryeqo amateteza ku mimba mukamwa kwa mwezi wathunthu, pamene a ku America amati mugwiritsebe ntchito njira ina yopanda mahomoni. Ndipo chifukwa ndi mankhwala atsopano, ndi odula ndipo sanafike paliponse.

Ndikawaika pambali pa lupu, ndimaona chonchi. Ngati chiberekero chanu chingalandire lupu, yambani ndi lupu, chifukwa ilibe malire a zaka 2, siikhudza mafupa ndipo siifuna kukumbukira tsiku ndi tsiku. Mapiritsi atsopanowa amawala pamene lupu yalephera kapena siingalowe, zotupa zili zingapo ndiponso zazikulu, ndipo mayi sakufuna kapena sanakonzekere opaleshoni.

Ulipristal, ndi ena ongodutsa

Panali nthawi imene ambiri ankaganiza kuti yankho lapezeka. Ulipristal acetate, wa mamiligalamu 5 pa tsiku, pa dzina la Esmya, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2012. Iye amatsekereza projesiteroni pa chotupa penipeni. Magazi ankaima pasanathe masiku 10 mwa amayi ambiri, oposa 90 pa 100 ankathandizika, chotupa chinkaphwa, kutentha thupi kunali kochepa poyerekeza ndi jakisoni, ndipo chotupacho sichinkafulumira kubwerera mankhwala atatha. Kenako kunayamba kumveka za amayi owerengeka amene chiwindi chawo chinawonongeka mpaka kufunika kuikidwa china. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linalamula kuyeza chiwindi pafupipafupi. Mu March 2020, zitachitikanso kwa mayi wina ngakhale ankayezedwa, mankhwalawa anaimitsidwa, ndipo atabwezedwa mu 2021 anangololedwa kwa amayi amene opaleshoni kapena kutseka mitsempha ya chotupa sikungatheke kapena kwalephera. Ku America sanavomerezedwepo pa zotupa. Ngozi yake ndi yosowa, koma palibe njira yodziwiratu amene imugwere, ndipo chiwindi munthu ali nacho chimodzi. Ndikupemphani kuti musagule mankhwalawa pa intaneti n'kumamwa nokha. Izi sizikukhudza ulipristal wa mamiligalamu 30 womwedwa kamodzi pa kulera kwa pangozi. Vuto linaoneka pa kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi.

Mifepristone wochepa mphamvu amagwira ntchito mofananako ndipo wafufuzidwa pa zotupazi, koma m'maiko ambiri sanavomerezedwe pa ntchito imeneyi. Letrozole waonetsa kuphwetsa zotupa m'kafukufuku wa anthu ochepa chabe. Danazol ndi wakale ndipo ambiri anamusiya chifukwa amabweretsa ziphuphu, ndevu ndi mawu a besi amene mwina sabwereranso.

Nanga inuyo muli pati?

Mayi amene akufuna pakati panopa ndi amene mankhwala a mahomoni alibe chomupatsa. Onse amene tatchulawa amaletsa mimba kapena ndi osayenera pa mimba, ndipo palibe amene amawonjezera mwayi wobereka akatha. Kwa iye, magazi amachepetsedwa ndi tranexamic acid, mankhwala opanda mahomoni omwedwa pa masiku a msambo okha, ndipo ngati chotupa cha m'kati ndicho chikutsekereza mimba kapena kuichititsa kupita padera, chofunika ndi kuchichotsa, kawirikawiri podzera kukhomo la chiberekero popanda kung'amba pamimba. Zaka za kubereka zimathamanga, ndipo kutaya ziwiri pa mapiritsi amene sachotsa chotsekerezacho ndi kutaya kwakukulu.

Mayi wa zaka 48 kapena 49 ali pena. Amayi ambiri amasiya kusamba cha m'ma 50 kapena 51, ndiye chimene iye akufuna ndi chomuwolotsa zaka zochepa zatsalazo. Lupu, Depo, kapena mapiritsi atsopano aja kwa zaka 2 akhoza kumufikitsa tsidya osapangidwa opaleshoni. Mayi wa zaka 38 ali ndi zaka zoposa 10 kutsogolo, ndipo mankhwala a miyezi 24 samufikitsa. Ayenera kuganizira za lupu, kapena kukambirana moona za kuchotsa zotupa, kutseka mitsempha yozidyetsa, kapena kuchotsa chiberekero ngati anamaliza kubereka ndipo iye mwini wafuna. Amene mimba yakula ngati ya miyezi 5, kapena amene chotupa chikupanikiza njira ya mkodzo, asadzinamize ndi mapiritsi ochepetsa magazi. Mahomoni kwa iye ndi okonzekeretsa opaleshoni basi.

Pali zina zoti dokotala adziwe musanayambe chilichonse. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin, ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin, komanso a HIV otchedwa efavirenz, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni. Amafooketsa mapiritsi olera, kachipangizo ka pamkono ndi mapiritsi a relugolix, pamene lupu ya mahomoni ndi Depo sizikhudzidwa. Yezetsani kaye ngati mulibe pakati. Ndipo musalole kuti zotupa zisenze mlandu wa magazi aliwonse: kutaya magazi pakati pa misambo, mukatha kugonana, kapena mutasiya kale kusamba kumafuna kuunika khomo la chiberekero ndi kakhungu ka m'kati kaja, chifukwa mayi akhoza kukhala ndi zotupa komanso matenda ena nthawi imodzi. Chotupa chimene chikukula mayi atasiya kale kusamba sichofunika mahomoni, n'chofunika kufufuzidwa msanga.

Njira iliyonse imene mwasankha, mahomoni amangotseka pamene magazi akutayikira. Sabwezera amene anatayika kale. Mapiritsi a ayironi amapitirizidwa kwa miyezi 3 magazi atabwerera pa mlingo wake, kuti nkhokwe ya m'thupi idzazenso, ndipo amene mimba yawo siigwirizana nawo akhoza kulandira ayironi wa m'dripi. Musanayambe mankhwala yezetsani magazi ndipo mulembe nambala yake. Lembaninso mwezi uliwonse masiku amene mwasamba, mapadi amene mwagwiritsa ntchito pa tsiku loipitsitsa, ndi kangati mwadzuka usiku kukasintha. Pakatha miyezi 3 pa mapiritsi kapena jakisoni, ndi miyezi 6 pa lupu, tengani kapepalako pobwerera kwa adokotala, muyezetsenso magazi, ndipo muyerekeze ndi nambala yoyamba ija.